Nyumba ya pa mdadada kunja kwa tauni ya Salima: ndilowemo kapena ndifune ina?

Funso

Andisamutsa pa ntchito kuchoka ku Lilongwe kupita ku Salima, ndipo ndikayamba mwezi wamawa. Ejenti wandionetsa nyumba ziwiri. Ina ili kufupi ndi Kamuzu Road, yoima payokha, ya K140,000 pa mwezi, ndipo kuntchito nditha kumayenda wapansi. Inayo ili kunja kwa tauni, mbali yopita ku Kaphatenga: zipinda ziwiri ndi balaza pa mdadada wa makomo 8, ya K70,000. Kumeneko mita ya magetsi ndi imodzi, mpope umodzi, zimbudzi ziwiri, ndipo alandilodi amakhala pompo. Akufuna lendi ya miyezi itatu ndisanalowe. Ndili ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 4. Bambo awo atsala ku Lilongwe, azibwera kumapeto kwa sabata. Sindinakhalepo pa mdadada chibadwire. Mtima ukuti nditenge yotchipayo. Kodi ndikulakwitsa?

Mayi a ana awiri, Lilongwe

Yankho

Mayi, kukhala pa mdadada si kulakwitsa. Aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ochita mabizinesi ambiri a ku Salima amakhala m'nyumba zoterezi, ena zaka zambiri osakwezerana mawu ndi aneba. Chimene ndaona m'kalata yanu n'chakuti maso anu ali pa zipinda ndi pa mtengo. Zipinda ziwiri ndi balazazo sizidzakusowetsani tulo. Zosowetsa tulo ndi zimene muzidzagawana ndi makomo 7 enawo: mita, mpope, chimbudzi, bwalo, komanso alandilodi enieniwo. Pa ntchito yanga yoyang'anira nyumba za lendi, milandu yambiri imene ndimaitanidwira imakhala ya mayunitsi ndi ya tsache la kuchimbudzi. Ya denga lodontha imabwera mwa apo ndi apo.

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi zimene zikukukokani. Kunja kwa tauni nyumba imatchipa chifukwa mtunda umalipiridwa padera, tsiku ndi tsiku, m'manja mwa wakabaza. Tiyerekeze kuti wanjinga yamoto akukutengerani K1,500 ulendo umodzi. Ndikungoyerekeza, mtengo weniweni mukaufunse pa siteji ya pafupi ndi nyumbayo, wa m'mawa ndi wa madzulo, chifukwa kukada umakwera. Kupita ndi kubwerera ndi K3,000, ndipo masiku 22 ogwira ntchito pa mwezi ndi K66,000. Kuphatikiza ndi lendi mwafika pa K136,000, musanawerengere ulendo wa kumsika Loweruka, wa kokapemphera, ndi wa mwana wamkuluyo ngati sukulu ili patali. Ndiye kuti mwasiya mita yanuyanu ndi chimbudzi chanuchanu chifukwa cha K4,000.

Kuonjezera apo, lendi mukagwirizana imakhala momwemo kwa miyezi, pomwe mtengo wa kabaza umasintha tsiku lomwe mafuta asowa. Amene ankakhala kutali ndi kuntchito mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, akukumbukira kuti thiransipoti inakwera nthawi yomweyo, malipiro ali pomwe analipo.

Chimene chingasinthe masamuwa ndi njinga yakapalasa. Salima ndi malo athyathyathya, opanda zitunda za ku Zomba kapena ku Dedza, ndipo amayi ambiri amapalasa popanda wowayang'ana kawiri. Ndalama ya kabaza ya miyezi yochepa ikwana kugula njinga yolimba. Ngati mumatha kupalasa, ndipo simungadandaule kufika kuntchito thukuta lili kamukamu mu Okutobala, nyumba yotchipayo ikhaladi yotchipa. Ubwino wina ndi wakuti mbali ya ku Kaphatenga ndi kumene msewu wa ku Lilongwe umalowera, moti bambo akabwera Lachisanu madzulo atha kutsikira pafupi osafika kaye kudepoti.

Tsopano mita. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene chibale cha pa mdadada chimathera.

Yunitsi imodzi ya ESCOM ndi magetsi amene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Hotipuleti ya mawati 1,500 ikayaka maola awiri pa tsiku yadya mayunitsi 3, pa mwezi 90. Khomo loyatsa mababu anayi a mawati 9 kwa maola asanu, fani imodzi usiku, wailesi ya kanema madzulo ndi kutchaja mafoni, silifika n'komwe mayunitsi 30 pa mwezi. Ketulo yamagetsi ndi ayironi nazo n'zolusa, ngakhale zimayaka kanthawi kochepa. Firiji m'kutentha kwa ku Salima siipuma, ndipo pa mdadada wa makomo 8 sipalephera kukhala wina amene ali ndi firiji yaikulu yogulitsira mafirizesi ndi madzi ozizira, kapena yosungira nsomba zochokera ku Senga Bay. Choncho akakuuzani kuti "kuno timangogawana mofanana", dziwani kuti pali amene akudyera anzawo. Ngati mumaphika pa mbaula, muzilipirira nyemba za eni hotipuleti. Ngati hotipuleti ndi firiji mukubwera nazo ndinu kuchokera ku Lilongwe, magetsi akangothima usiku zala zonse ziziloza khomo lanu, ngakhale tsiku limene simunaphike.

Pali zinanso ziwiri zimene alendi ambiri sadziwa. Pa mitengo ya magetsi a m'nyumba, mayunitsi 50 oyambirira pa mwezi amagulidwa motsikirako. Mwayi umenewu umatsata mita, sutsata banja, moti mabanja 8 pa mita imodzi amaumaliza masiku oyambirira a mwezi, kenako onse n'kumagula pa mtengo wokwera. Chachiwiri, magetsi amene anaikidwira nyumba imodzi nthawi zina satha kunyamula mahotipuleti a makomo ambiri nthawi imodzi. Cha m'ma 6 koloko madzulo bureka, swichi ija yodzizimitsa yokha katundu wamagetsi akachuluka, imangogwa, ndipo ena akatopa nayo amaitana wamagetsi wa m'makwalala kuti "aikonze". Moto wa m'midadada umayambira pamenepo. Mukapitanso kukaona nyumbayo yang'anani masoketi ngati ada ndi utsi, ndipo kwezani maso muone mawaya ngati ali m'mapaipi kapena angoponyedwa pamwamba pa zipupa.

Njira zogawanira zilipo zitatu. Yogawana mofanana ndaikamba kale. Yachiwiri ndi yowerenga zipangizo za khomo lililonse n'kuika mtengo pa chilichonse. Imayenda mpaka tsiku limene wina wabisa ketulo pansi pa bedi, ndiye kufufuzana m'nyumba kumayamba. Yachitatu, imene ine ndimalimbikitsa kulikonse, ndi cheki mita: kamita kakang'ono koikidwa pa waya wolowa m'khomo lanu, kosonyeza mayunitsi amene inu nokha mwadya. Si kodula poyerekeza ndi mikangano imene kamathetsa. Auzeni alandilodi kuti mugula nokha, aike ndi wamagetsi wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, ndipo mugwirizane ngati ndalamayo idulidwe pa lendi kapena mudzakachotse potuluka. Ngakhale makomo enawo asakhale nako, inu muzilipira zimene kamita kanu kawerenga, basi.

Funsaninso kuti amagula mayunitsi ndani. Kumene wogula ndi mmodzi ndipo saonetsa uthenga wa pa foni, kawirikawiri ndalama yosonkhedwa ndi yogulira sizifanana, ndipo nyumba ya wosunga ndalamayo imayaka ulere. Uthenga wogulira umaonetsa ndalama ndi mayunitsi. Kuutumiza pa gulu la WhatsApp la pa mpanda sikutenga mphindi, ndipo wokana kutero wakuuzani kale khalidwe lake. Mukamva zoti "kuno magetsi sativuta, tili ndi njira yathu", musalowe. A ESCOM akapeza kuti mita inalambalalidwa amadula mpanda wonse, ndipo pa chindapusa alandilodi amayamba kuyang'ana alendi.

Za madzi n'zofananako koma zosavuta kuweruza. Madzi a m'mipope ku Salima ndi a Central Region Water Board. Pemphani kuona bilu yomaliza, kapena malisiti ngati mita ndi yolipiriratu, kuti musalowe pa ngongole ya anthu amene anasamuka kale. Pogawana, madzi amatsata mitu ya anthu: mbeta ya khomo loyamba isalipire mofanana ndi banja la anthu 7. Mufunsenso ngati mpope umatsekedwa ndi loko ndiponso nthawi yake, chifukwa pali alandilodi amene amatsegula 6 koloko m'mawa, nthawi imene inu mukuyenera kukhala mutasamba kale. Ndipo madzi akasiya kutuluka, anthu amakatunga kuti? Ngati ndi pa mjigo, kaoneni mtunda wake ndipo mulawe madziwo. Mgolo wa chivundikiro ugulidwe sabata yoyamba.

Zimbudzi ziwiri zandidetsa nkhawa kuposa mpope umodzi. Makomo 8, khomo lililonse anthu anayi kapena asanu, ndi anthu pakati pa 32 ndi 40. Ngakhale m'misasa ya anthu othawa madzi osefukira, mlingo umene mabungwe othandiza amayesetsa kutsata ndi anthu 20 pa chimbudzi chimodzi. Ndiye mpanda umenewu uli m'malire enieni, ndipo zimenezo zili choncho ngati zonse ziwiri ndi za aliyense. Nthawi zambiri chimodzi chimakhala ndi loko, kiyi ali kwa alandilodi. Funsani mosapita m'mbali.

Kalowenimo, musangosuzumira. Onani ngati pansi pali silabu ya simenti kapena mitengo yokutidwa ndi dothi, ngati pabowo pali chivundikiro, ngati dzenje latsala pang'ono kudzaza, ndiponso ngati pali posambira m'manja, ngakhale mpondagiya chabe. M'madera a mchenga ndi a makande zimbudzi zosamangidwa ndi njerwa m'kati zimatitimira mvula ikachuluka, ndipo kumene madzi a pansi ali pafupi, dzenje limasefukira. Ngati pa mpandapo pali chitsime, chitalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30, zimene pa puloti yodzaza ndi nyumba sizichitikachitika. Sindikukuopsezani. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Salima inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Matendawa amakonda malo enieni ngati amenewa: anthu ambiri, chimbudzi chimodzi, ndowa zosavundikira. Madzi akumwa muziwathira WaterGuard kapena kulorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Wa zaka 4 uja akhale ndi kapoti kake, asamapite yekha kuchimbudzi cha dzenje, usiku n'komwe ayi.

Ndandanda ya osesa ikhale yolembedwa ndi yopachikidwa, khomo ndi tsiku lake. Pamene palibe ndandanda, amasesa ndi amene amanyansidwa msanga, ndipo mwa kalembedwe kanu ndikuganiza kuti ameneyo mudzakhala inu.

Nyumba yeniyeniyo ili ndi zake zofunika kuziona, ndipo zambiri zimachokera ku nyengo. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, pomwe Salima ili m'chigwa cha nyanja, cha m'ma 500. Kutsika kumeneku mudzakumva m'thupi mu Okutobala ndi Novembala. Khomo la pakati pa mdadada limakhala ndi mawindo kutsogolo ndi kumbuyo kokha, ena kutsogolo kokha, ndipo ngati malata alibe siling'i ana sagona mpaka pakati pa usiku. Kaioneni nyumbayo cha m'ma 2 koloko masana, osati m'mawa pamene ejenti amakonda kuonetsa. Ngati pali mwayi wosankha, khomo la kumapeto ndi labwino chifukwa mnansi wa khoma ndi mmodzi, bola chipupa chake chachikulu chisayang'ane kolowera dzuwa.

Mukalowa, yang'anani pamwamba pa khoma lolekanitsa inu ndi aneba. Omanga ambiri amalilekeza pa lintala kuti apulumutse njerwa, pamwamba n'kusiya mpata mpaka kumalata. Pa mpata umenewo pamadutsa utsi, makoswe, nyimbo, nkhani zanu za pa foni ndi bambo, ndi zina zimene ana a zaka 9 safunika kumva. Munthunso amadutsapo. Khoma losafika kudenga ndi chifukwa chokwanira chokanira nyumba, pokhapokha alandilodi avomere kulimaliza musanalowe.

Udzudzu wa kunyanja si wa masewera, ndipo malungo kuno sadikira dzinja lokha. Mawindo akhale ndi gozi kuti muzitha kugona otsegula, aliyense agone mu neti usiku uliwonse ngakhale kutenthe bwanji, ndipo mwana akatentha thupi akayezedwe tsiku lomwelo m'malo mogula LA wa pa okala mongoganizira. Apa mpamene mtunda umabweranso: dziwiranitu wakabaza mmodzi kapena awiri odalirika a pafupi, amene angadzuke 1 koloko usiku kukusiyani kuchipatala cha boma.

Za mvula, nyumba imene mwaiona kukuuma imabisa zambiri. Malo athyathyathya madzi sathamanga, amangokhala. Zizindikiro zake sizisowa: mzere wakuda m'munsi mwa khoma kuzungulira nyumba, pulasitala wofufuma ndi kugwa, kakhoma kakang'ono komangidwa pakhomo kuti madzi asalowe, ming'alu yotsika kuchokera pa windo imene makande amabweretsa akamafufuma ndi kuuma. Mukaona bango kapena minda ya mpunga pafupi, muli m'dambo, kaya pamangidwa nyumba zokongola bwanji. Ejenti musamufunse za zimenezi. Funsani wakabaza wa pa siteji kuti, "Achimwene, mu Febuluwale mumafika pakhomo paja?" Akati amatsitsira anthu kumsewu, mwadziwa.

Tibwere kwa alandilodi okhala pompo. Anthu ambiri amangoti thawani, koma ine sinditero. Mpanda umene mwini wake amagona pomwepo umakhala wosesedwa, geti limatsekedwa, mpope ukathyoka umakonzedwa msanga chifukwa nawonso akuvutika, ndipo woledzera wa khomo lachitatu amakhala ndi womuopa. Kwa mayi amene akhale yekha ndi ana masiku asanu pa sabata, zimenezi si zazing'ono. Kuipa kwake n'kwakuti ena amaiwala kuti mlendi ndi munthu wamkulu wolipira ndalama zake. Amafuna kudziwa mlendo aliyense, amatseka geti 8 koloko kiyi n'kugona naye, amawerenga ndowa zimene mwachapira, ndipo mwana wawo akamenya wanu mlandu umakhala wa wanu.

Kuti mudziwe mtundu wa alandilodi anuwo, musafunse iwo, ndipo musafunse mlendi iwo ali pomwepo. Pitani tsiku lina panokha, mugule kanthu pa okala ya pafupi, mucheze. Funso lothandiza ndi lakuti amene anali m'khomo limenelo anatuluka liti ndipo chifukwa chiyani. Kenako mufunse mayi mmodzi wa pa mpandapo kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji. Mpanda umene uli ndi alendi a zaka zitatu kapena zinayi ndi wabwino, ngakhale utoto utasuluka. Umene makomo onse ndi a anthu olowa chaka chino uli ndi chimene chimawathamangitsa. Paja safunsa anadya phula.

Lendi ya miyezi itatu si yachilendo, koma K210,000 isatuluke m'manja mwanu mwachisawawa. Choyamba, iperekedwe kwa mwini nyumba, osati kwa ejenti. Ejenti ali ndi yake yapadera, imene mugwirizane musanakwere naye njinga. Chachiwiri, tsimikizani kuti amene akudzitcha mwiniyo ndi mwinidi. Mapuloti ambiri a kunja kwa tauni anapezedwa kudzera kwa mafumu, ndipo mlendi safunika kuona mapepala a malo, koma amfumu a deralo amadziwa kuti mpanda uwu ndi wa yani. Chenjerani ndi nyumba zamasiye zimene abale sanagawane bwino: mumalipira kwa mkulu, mwezi wotsatira mng'ono wake n'kubwera ndi kope lake. Lipirani pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki kuti pakhale umboni, ndipo mukhalenso ndi kope la lendi limene alandilodi azisainamo mwezi uliwonse.

Pangano lilembedwe. Sipafunika loya kapena Chingerezi. Tsamba limodzi la m'Chichewa, lolemba pamanja, lokhala ndi maina ndi manambala a ziphaso za unzika za nonse awiri, ndi lokwanira. Mulembemo khomo lake, lendi, tsiku lolipira, kagawidwe ka magetsi ndi madzi, amene azikonza zowonongeka, ndi notisi ya mwezi wathunthu mbali zonse ziwiri, ya kutuluka komanso ya kukweza lendi. Mawu amodzi amene anthu amaiwala ndi onena kuti K210,000 ija ndi ya chiyani. Kodi ndi lendi ya miyezi itatu yoyambirira, kapena mwezi umodzi ndi chikole chodzabwezedwa potuluka? Mkangano umenewu umabuka patapita chaka, aliyense akukumbukira zake. Tsiku lolipira musankhe loti malipiro akachedwa masiku angapo musakhale wabodza. Pa 5 mwezi wotsatira ndi pabwino kuposa pa 28. Mboni ikhalepo, ndipo aliyense asunge pepala lake. Mwini nyumba amene akuti "ife timangokhulupirirana, zolembalemba n'za chiyani" angakhale munthu wabwino ndithu, koma muumirirebe mwaulemu: "Bambo, n'zothandiza tonse, mawa wina angaiwale."

Zikadzavuta, dziwani kuti kuzula chitseko, kukhoma loko wachiwiri kapena kutulutsa katundu wa mlendi panja si njira ya lamulo yochotsera munthu m'nyumba. Pamafunika notisi, ndipo mlendi akakana kutuluka nkhani imapita kukhothi. Poyambira ndi kwa amfumu, kenako kupolisi ngati pali kuopsezana, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza amene sangakwanitse loya. Komabe kunena chilungamo, milandu yambiri yotere imayamba ndi mlendi amene wachedwa kulipira n'kuyamba kuzemba, kulowa usiku, kutuluka m'bandakucha. Mukaona kuti mwezi uno zivuta, kagogodeni tsiku lisanakwane.

Za kukhala ndi anthu sindingakuphunzitseni zambiri, ndinu mayi wamkulu. Nditchule zochepa za kumaloko. Ku Salima Achewa ndi Ayao, Akhristu ndi Asilamu, amakhala khomo ndi khomo. Ngati kwanu mumadya nkhumba, musatsukire mphika wake pa mpope wa onse, ndipo musaphikire m'chiwaya chobwereka. M'mwezi wa Ramadan mudzamva mapoto m'bandakucha, monganso anzanuwo amapirira mapemphero a usiku wonse a khomo lina. Tsiku lofika yendani khomo ndi khomo kupereka moni, ndipo sabata yomweyo mukaonekere kwa amfumu. Maliro akagwa m'dera, pitani ndipo sonkhani, ngakhale womwalirayo simukumudziwa. Amene sapita pa maliro a anzake amadziwika msanga, ndipo tsiku la vuto lake anthu amayenda mozengereza.

Kubwerekana mchere, moto ndi machesi ndiwo moyo wa pa mdadada, musakane. Ndalama ndi nkhani ina. Munthu wa pa malipiro a pa mwezi amadziwika tsiku limene walandira, ndipo mukabwereketsa khomo limodzi mwatsegulira onse 7. Ndi bwino kupereka kochepa kamene simukadikira kubwezedwa kusiyana ndi kubwereketsa zambiri kwa munthu amene muzikumana naye pa mpope m'mawa uliwonse. Banki m'khonde akakuitanirani, dikirani miyezi ingapo muone kaye amene amasunga bokosi. Nkhani za pa mpope muzimva, museke pamene pakufunika kuseka, koma zisachoke pakamwa panu kupita khomo lina.

Poti bambo azikhala kutali, Loweruka loyamba muwatengere kwa alandilodi ndi kwa aneba, aliyense awaone nkhope. Anzanu aamuna a kuntchito akabwera, mpando utuluke pakhonde. Ndikudziwa kuti n'zowawa kuti munthu wosalakwa azidziteteza chonchi, koma pa mdadada nkhani imafika ku Lilongwe minibasi isanafike.

Ana ndi amene amasangalala kwambiri pa malo otere, chifukwa anzawo osewera nawo sasowa. Ndi iwonso amene amayambitsa nkhondo za akuluakulu. Mwana wa mnzanu akalakwa musamukwapule, kauzeni make. Anu muwaikire lamulo limodzi losasintha: salowa m'chipinda cha munthu wamkulu aliyense kukaonera kanema kapena kutumidwa chitseko chili chotseka, kaya ndi "ankolo" okoma mtima chotani. Amene amavulaza ana nthawi zambiri ndi anthu owazolowera. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana, ndipo wamkuluyo atha kuiloweza. Kwa wamng'onoyo zoopsa ndi mbaula za pakhonde, ndowa ndi migolo yosavundikira, chitsime ngati chilipo, ndi msewu waukulu ngati nyumba ili m'mbali mwake. Simunanene amene azitsala naye masana. Zimenezo zikonzedwe musanasamuke, musadalire kuti aneba azikuonerani.

Ndiye mulowe kapena ayi? Ndikanakhala ine, ndikanabwerera kwa alandilodi ndi zinthu zinayi: cheki mita, pangano lolemba, khoma lofika kudenga, ndi kiyi wanga wa geti. Akavomera zonse, wakabaza n'kutsimikiza kuti dzinja amafika pakhomo, zimbudzi zonse ziwiri n'kukhala za aliyense, ndipo inu muli okonzeka kupalasa, lowani. Chikalephereka chimodzi mwa zimenezi, K140,000 ija si yodula monga ikuonekera. Mukhozanso kutenga miyezi itatuyo ngati yoyesera. Nyumba zabwino za mtengo wapakati sizifika kwa maejenti kawirikawiri. Zimapatsiranidwa kuntchito, wina akasamutsidwa n'kunong'oneza mnzake. Mukakhala kumeneko mudzazimva, bola mukumbukire kupereka notisi kumayambiriro kwa mwezi wachitatu, osati kumapeto.

Tsiku lolowa, katundu asanatsike, jambulani ndi foni ming'alu, magalasi osweka, zitseko ndi nambala imene cheki mita yayambira, alandilodi ali pomwepo. Loko wa pakhomo muike wanu, chifukwa simudziwa makiyi a wakaleyo alipo angati. Kenako tengani tochi muunike m'ming'alu ya khoma ndi m'mafelemu a zitseko. Timadontho takuda tambirimbiri ndi chizindikiro cha nsikidzi. Mukatipeza, matiresi asalowe mpaka mutapopera, ndipo mukambe ndi makomo a mbali zonse ziwiri kuti apopere tsiku limodzi ndi inu, chifukwa mukapopera nokha zimangosamukira kwa aneba n'kubwerera pakatha sabata ziwiri.